Nyenje Zinatuluka Tili pa Phunziro la Magazi

Mng'ono wanga Rhonda ndi munthu wa mantha, koma mantha ake amaoneka ngati khama. Atachotsa mwana wake Tessa kusekondale kuti azimuphunzitsa yekha kunyumba, anagula bokosi la maphunziro a sayansi ya zamoyo okonzeratu. Munali buku lonena zophunzitsa tsiku ndi tsiku, mayeso ake, ndi chule wakufa m'pulasitiki. Sayansi iye anaisiya kalekale, ndiye bukulo ankalilemekeza ngati apongozi. Kulumpha tsamba, ayi ndithu.

Ine ndimakhala ndi bambo athu, a Vernon, kufamu kum'mwera kwa chigawo cha Ohio, ku America. M'mwezi wa Meyi pansi pa mitengo panayamba kuoneka timauna. Nyenje za kuno, zomwe zimakhala m'dothi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zinali pafupi kutuluka. Kutauni kwa Rhonda kulibe, omanga nyumba anapala dothi lonse lakale. Bambo anali atapitirira zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo tonse tinkadziwa kuti mwayi woonetsa mdzukulu wawo nyenje ndi womwewu basi. Anasesa okha chipinda cha alendo, n'kundiuza kuti ndiimbire Rhonda foni.

"Bwera naye mwanayo, zayamba!" anakuwa bambo, poti iwo foni amaiyesa yogontha.

"Ababa, panopa tili pa za magazi," anatero Rhonda. "Tizilombo ndi mu Okutobala."

"Ndiye tiziuze nyenjezo zibwerere pansi zikadikire?" ndinalowerera ine.

"Achemwali, musandiyambe. Tikatsalira, mayeso mudzamulembera ndinu? Anthu akungodikira kuti ndilephere, inu simukudziwa?"

Zimenezo sankanama, abale a mwamuna wake ankamuseka poyera. Analonjeza kuti abwera mayeso a magazi akatha. Tessa sanakhoze bwino, buku linati abwereze, ndipo anabwerezadi.

Nyenje zinatuluka, zinakwera mitengo, zinalira mpaka m'makutu kuwawa. Nkhuku zathu zinanenepa osapatsidwa chakudya. Bambo ankakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, ndipo galimoto ikadutsa ankadzuka pampando. Zinkandipweteka kuwaona, ndipo Rhonda ndinamukwiyira kwambiri. Pofika kumapeto kwa Juni kunali zii, kutangotsala fungo la zakufa.

Rhonda ndi Tessa anabwera mu Okutobala, buku litawalola. Tessa anatsika m'galimoto ndi chithunzi cha nyenje chomwe anajambula poonera patsamba.

"Agogo, akuti zikamatuluka m'chikhungwa zimakhala zoyera. Zoona zimenezo?"

"Zoyera ngati mkaka, maso psuu," anatero bambo. "Ukaigwira imakhala yofewa. Tiye uone."

Anatenga ndodo yawo, n'kutuluka naye. Ine ndi Rhonda tinatsatira pambuyo. Anafufuza pamakungwa, anatakasa masamba ogwa, koma mvula inali itatenga zonse, ngakhale chikhungwa chimodzi sanachipeze. Pomaliza bambo anaima pamtengo waukulu wa kuseri kwa khola, akupuma movutikira.

"Zimayambira apa. Zikadzatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, udzabwere m'Meyi, mvula yofunda ikangogwa. Usadzadikire kuti wina akuuze."

"Si mudzandiimbira foni, agogo?"

Bambo anakanda kumutu, n'kumenya thunthu la mtengowo ndi ndodo.

"Iwe ungoloweza mtengowu, mwanawe."

Rhonda anatembenuka mwachangu, akuti waiwala china chake m'galimoto. Ndinamupeza atakhala pampando woyendetsera, chitseko chili pululu, akulira. Mawu onse omwe ndinamusungira chiyambire Meyi anandithawa, ndinangomugwira paphewa.