Kulira kwa Wilo la Kumanzere

Kagalimoto kanga kanayamba kulira mu Okotobala, dzuwa la Lusaka litafika poti ngakhale agalu amachita ulesi kuuwa. Kankalira kutsogolo, kamawu kakuthwa, tswii tswii, ngati mwanapiye wotsekeredwa m'katoni. Ine ndimayendetsa takisi, ndipo takisi yolira imachititsa manyazi. Mayi wina amene ndinamutenga ku Kabanana anagwira chitseko njira yonse akupemphera, potsika n'kundilangiza kuti ndipite nako kwa abusa. Ndinathokoza, koma mumtima ndinati abusa ali ndi zawo, ine ndili ndi atate.

Atate anga, a Whyson Nyirenda, ndi makanika ku Matero. Galaja yawo ilibe khoma kapena chikwangwani, ndi mthunzi wa mtengo umene amagawana amakanika anayi. Enawo ali ndi mphamvu, ndipo mmodzi wa iwo, a Eugene, ali ndi kakompyuta kamene amalumikiza ku galimoto n'kumawerenga matenda ake. Atate msana unatha kale, sangathenso kunyamula giyabokosi. Chimene chinawatsalira ndi makutu. Anthu ankachokera ku Chawama ndi ku Bauleni kudzawakweza m'galimoto zawo kuti amvetsere. Iwo amakhala kutsogolo, kutsitsa galasi, kutsinzina, ndipo lamulo lawo ndi limodzi: mwini galimoto asanene kanthu. Pobwerera amatchula chovuta asanagwire sipanala. Popanda makutuwo, pamthunzi paja sakanakhala ndi malo.

Ndinawapeza atakhala pa teyala lakale akusenda chinangwa. Ndinawapatsa moni ndili kumbuyo kwawo, osayankha. Nditazungulira kutsogolo ndi pamene anadzidzimuka n'kumwetulira.

"Iwe Towela, wabwela liti?"

"Manje manje, batate. Motoka yanivuta, ilila ku..."

"Osaniuza!" anakweza dzanja. "Izakamba yeka. Tiye."

A Eugene anatukula mutu m'boneti ya galimoto ina. "Ba Whyson, lelo mumvele bwino ka. Osati monga ija basi ya last month."

Enawo anaseka chamumtima, akuyang'ana pansi. Nkhaniyo ndinali nditaimva kale kwa amayi: atate anasintha beringi yabwinobwino pa minibasi ina, phokoso osatha, mpaka a Eugene ndiwo anapeza vuto. Ndinapsa mtima. Munthu walasa zaka makumi atatu, kuphonya kamodzi kokha mwayamba kale kumuyeza bokosi? Ndinamenyetsa chitseko dala kuti amve kuti ndakwiya.

Tinalowera msewu wa ku Chunga. Kunali kotentha moti phula linkaoneka ngati madzi, ndipo anthu oyenda patsogolo pathu ankaoneka ngati alibe miyendo, akungoyandama ndi mabeseni awo pamutu. Utsi wa kudzala la zinyalala unagona pamwamba pa nyumba osasuntha. Mapulasitiki okodwa pawaya ankakupiza pang'onopang'ono, akhwangwala akuzungulira m'mwamba mopanda changu. Atate anatsitsa galasi, natsamira, natsinzina.

Ndinakulira m'maulendo otere. Ndili wamng'ono ankandiika kumpando wakumbuyo wa galimoto za eni ake, n'kundiuza kuti nditseke pakamwa. Ndinkayang'ana nkhongo yawo ndi khutu lopendekera kuwindo, ndikukhulupirira kuti galimoto zimawanong'oneza zinsinsi monga anthu amachitira kwa ansembe. Nthawi zambiri tulo tinkanditenga, n'kudzukira pamthunzi paja wilo litachotsedwa kale, mwini wake akugwedeza mutu modabwa. Tsiku limenelo fungo linali lomwelo, la girizi ndi sopo wa m'mbale, ndipo ndinamva ngati ndabwerera m'tulo tomwe tija, kungoti chiwongolero chinali m'manja mwanga.

Kagalimoto sikanachite manyazi. Kanalira tswii tswii tswii, mpaka amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ankatembenuka. Ine ndinauma nkhope monga anandiphunzitsira, osanena kanthu, kudikira kuti akweze chala. Tinadutsa mahampu awiri, tinadutsa tchalitchi cha malata, chala osakwera. Ndinawaona akutsegula diso limodzi pang'ono, kundiba nkhope, n'kutsinzinanso.

"Motoka yako ili chabe bwino," anatero pomaliza. "Mwina yenze dasti. Yaleka."

Pamene ankanena zimenezo n'kuti wilo likukuwa pansi pa chigongono chawo chenicheni.

Ndinapatukira pambali pa shopu yotseka, ndinazimitsa injini, ndi kuyang'ana kuwindo langa kuti asaone milomo.

"Batate, munimvela?"

Zii.

Ndinanenanso mokweza. Iwo ankangoyang'ana mbuzi imene inkatafuna katoni kutsidya kwa ngalande. Ndinatembenukira kwa iwo misozi ili kale m'masaya, ndipo ataona nkhope yanga anadziwa kuti agwidwa. Sanakane. Anapukuta manja pa ovolosi nthawi yaitali ngakhale analibe mafuta.

"Muli nyenje mu matu mwanga," anatero, mawu ali okwera kuposa mmene iwo ankaganizira. "Zija za ku Lundazi, za mu Okotoba, pamene tenze kuyembekeza mvula. Zinayamba chaka chatha. Poyamba nenze kukondwela, nati nakumbuka kumunzi. Manje sizileka. Vinangu vonse vili kutali, monga nili pansi pa manzi."

"Bamayo baziba?"

Anayang'ana milomo yanga. "Anyoko akuti nayamba matama, siniyankha." Anaseka pang'ono. "Nimaona pa menso ya driver. Akachita so, naziba yalila. Koma iwe nkhope yako ni ya chimwala, unatengela ine."

Ndinkafuna kuwakalipira. Chaka chathunthu kubisa, osapita ngakhale ku kiliniki! Koma ndinawamvera chisoni chimene sindinamvepo pa munthu aliyense, chifukwa ndinadziwa zimene zinkawadikira pamthunzi paja. Tikanabwerera n'kunena kuti galimoto ili bwino, iyo n'kulowa ikulira pamaso pa a Eugene, dzina lawo likanathera pomwepo.

Kwathu mwana wamkazi akakula sagwiragwira atate ake. Sindikumbuka kuti ndinawakhudza liti komaliza. Koma ndinatenga dzanja lawo lamanja, lolimba ngati chikopa cha nsapato, ndi kuliika pafupi ndi giya. Ndinaloza wilo la kumanzere, ndinaloza khutu langa, kenaka ndinagogoda ndi chala pamsana pa dzanjalo katatu. Anandiyang'ana kanthawi, n'kutsinzina.

Tinanyamuka. Wilo likati tswii, chala changa chinkati go. Tswii, go. Tinayenda pang'onopang'ono m'kati mwa utsi uja, ine ndikulemba kulira kwa galimoto pakhungu la atate.

"Onjeza speed."

Ndinaponda mafuta, kulira kunafulumira, chala changanso chinafulumira.

"Iyenda na wilo," anang'ung'udza. "Manje ponda brake. Pang'ono chabe."

Nditaponda, kulira kunaleka. Ndinaimitsa chala. Nditachotsa phazi kunayambanso, chala n'kuyambanso. Tinabwereza katatu. Anandiuza kuti ndibwerere chambuyo, kenaka ndikhote uku ndi uku, ndipo nkhope yawo inayamba kumasuka. Ankalankhula okha ali chitsinzinire, ngati munthu wobwebweta kutulo.

"Si kamwala. Kamwala kakangena kumbuyo kwa disc kakuwa osapumula, olo uponde olo usaponde. Si nguwe, dzimbiri ya m'mawa, ija isila ukaponda kabili katatu, manje ni zuba so. Bearing silila so, ija ibuula." Chala changa chinkagogodabe. Kenaka chala chawo cha kumanzere chinakwera m'mwamba, monga kale. "Ni kansimbi ka pa pad. Ma pads yasila, kayamba kukwesa disc kuti kakuchenjeze. Iwe mwana, unyamula banthu na ma pads yosila?"

Ndinaseka ndikulira. Wogontha yemweyo wayamba kale kundikalipira.

Tinafika pamthunzi kagalimoto kakuimba nyimbo yake. Amakanika onse anaimika ntchito. Atate anatsika mosafulumira, anakonza kolala ya ovolosi, nanena mokweza kuti ndi mapadi a mabuleki akutsogolo, kumanzere ndiko kwayamba, kachitsulo kochenjeza kakukhudza disiki. A Eugene anabweretsa jeke okha, ndikuganiza kuti ankafuna kuwagwira bodza. Wilo litachoka, padi inatuluka yopyapyala ngati lumo, kachitsulo kali ngwee kunsonga, ndipo m'mphepete mwa disiki munali kamzere kowala kozungulira. A Eugene anayendetsa chikhadabo pa disikiyo, napeza kuti sinakumbike.

"Mudala ni mudala," anatero akupukusa mutu. "Nabweza mau."

Anasintha mapadi mbali zonse ziwiri, atate akuloza ndi chinangwa chawo pamene pafunika girizi ndi pamene sipayenera kufika ngakhale dontho. Ine ndinakhala pa benchi mtima uli m'malo. Ndinali nditakonza kale bodza langa lonse: chinsinsi ichi ndifa nacho, ndipo ndizipeza chifukwa chodutsira ku Matero tsiku lililonse.

Tisanatsitse jeke panafika kaloli konyamula mazira, kakulira kwii kwii kutsogolo. Mwini wake, a Jackson a ku komboni ya George, sanazimitse n'komwe injini.

"Ba Whyson! Kwelani mumveleko aka kanyimbo, kanilemesa!"

Atate anaona dzanja likuwakodola. Anaimirira, nayang'ana kaloli, nayang'ana ine. Ndinayamba kunena kuti ndikufuna a Jackson andiperekeze ku George, kuli kasitomala, ndikwera nawo n'kukhala pakati pa iwo ndi atate. Bodzalo linkatuluka bwino ndithu. Koma iwo sankayang'ana milomo yanga. Ankayang'ana anzawo atatu aja amene agawana nawo mthunzi zaka zonsezi.

"Eugene," anatero, mokweza moti ndi ogulitsa malasha kutsidya kwa msewu anamva. "Ija sound ya motoka ya Towela sininaimvele ine. Siniimvela olo imozi. Matu yanga yanafa chaka chatha. Uyu mwana ndiye amvela, ine nimasulila chabe."

Palibe anaseka. A Eugene anatsala atagwira sipanala m'mwamba. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike, ndinawakwiyira kuti ataya ndi manja awo chimene ndinali nditangowapulumutsira.

A Jackson anasuzumira pawindo, kuyang'ana atate, kuyang'ana ine, kenaka mazira awo amene ankaphikika padzuwa.

"Manje nichite bwanji? Nibwele mailo?"

A Eugene anaika sipanala pansi, napukuta zala chimodzichimodzi pa nsanza.

"Towela ali na nchito yake," anatero. Anapita kukaima patsogolo pa atate kuti atate awaone milomo, natambasula dzanja lawo lakuda ndi girizi. "Nilangizeni, mudala. Nigogoda pati?"