Dzina la Pathumba la Ufa

Ndagi! Amakupatsa ndi ena, amachitchula ndi ena, ukafa chimatsala pamwala. Mwalephera? Ndi dzina, ana inu.

Hector Munro anali atagona masiku atatu m'bokosi, dzenje lisanakumbidwe, chifukwa ana ake sankamvana. Shona, wamng'ono, ankadula buledi wakuda kukhitchini pomwe mlongo wake Fergus anayala chipepala pathebulo, chodzaza mayina ngati nyerere.

"Onani apa. Ife ndife magazi a mafumu a fuko la Munro. Zaka zisanu ndikufufuza! Bambo akagona kumapiri a kumpoto, kwa makolo awo, osati m'mudzi wa malasha uno."

Anali atavala kale siketi ya amuna a fukolo, maondo ali mbee ngati mbatata zosenda.

Shona anayang'ana amayi ake. Mayi Elspeth anali atakhala pampando, ndodo ili pamiyendo. Kumpotoko ndi ulendo wa tsiku lonse. Manda akakhala kumeneko, sadzawaonanso.

"Achimwene, nanga amayi azikafika bwanji?"

"Iwe, za mbiri uzisiyira ife ophunzira."

"Bambo munkawaona kangati pachaka, ophunzira inu?"

Fergus anamenya thebulo. Makapu analira.

Mayi Elspeth anadzuka movutika. Sanafune kugwiridwa dzanja. Anabwera ndi chitini cha mabisiketi chadzimbiri, nachiika pamwamba penipeni pa mafumu aja.

"Bambo anu anati chisatsegulidwe iwo ali moyo. Ankaopa kukuswa mtima, Fergus. Ine sindiopa. Werenga, Shona."

Munali chithunzi cha mwamuna wamasharubu, ndi kalata yolemba Hector mwini. Shona anazizindikira zilembo zopendama za bambo ake. Anawerenga pang'onopang'ono.

"Agogo anga anali Juozas Petrauskas. Anabwera pasitima kuchokera ku Lithuania kudzakumba malasha. Kapitawo wa pamgodi sanafune mayina achilendo m'buku lake. Anaona thumba la ufa pakona, lolembedwa dzina la mwini chigayo, nati: kuyambira lero ndiwe Munro. Agogo analira, koma ana anali ndi njala. Ali kumanda a kuseri kwa tchalitchi, pansi pa dzina la eni. Mundiike pambali pawo. Asagone okha."

Kunja mvula inkagwa pamulu wakuda wa mgodi wotsekedwa.

"Ndi zabodza," anatero Fergus. "Chipepalachi anandilembera katswiri wa ku Edinburgh!"

"Katswiri wakoyo anafufuza bwino," anayankha mayi ake. "Wakupezera makolo a mwini chigayo."

Shona anayesa kudzigwira, maliro ndi maliro. Koma ataona maondo a Fergus aja ali mbee pansi pa siketi, chiseko chinamuphulika. Mayi Elspeth nawo anaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo sinalinso ya kuseka.

"Mfumu ya thumba la ufa," anatero Mayi Elspeth akupukuta m'maso. "Kavale buluku, mwanangu, ukauze okumba manda. Kuseri kwa tchalitchi."

Fergus anakoka chipepala chake mwaukali, chidutswa cha buledi n'kugwa pansi. Mayi Elspeth anawerama, msana ukulira, nachitola. Anachipukuta, nachipsompsona, monga mwamuna wawo ankachitira zaka makumi asanu osanena kuti ndi mwambo wa agogo ake a ku Lithuania. Kenaka anachipereka kwa Fergus.

Anachilandira ndi manja awiri.