Kaphiri ka Amuna Anga

Amuna anga anali ndi dzanja lolemera. Shuga mu tiyi, mchere mu ndiwo, mankhwala mu labotale, zonse ankathira ngati sizogula. Sikelo ankangoigwadira pang'ono, kenako n'kuwonjezera ndi maso. Tinagwira ntchito ya kemisitiri m'chipinda chimodzi pa yunivesite kuyambira tili achinyamata, ndipo ndinalankhula za dzanja limenelo mpaka malovu anauma.

Pamene sitiroko inawagwetsa, pepala lawo lomaliza linali m'manja mwa akonzi a magazini ya sayansi. Linali loyamba kukhala ndi dzina lawo patsogolo, langa pambuyo. Mankhwala awo anali achibale a naftalini, timibulu toyera tothamangitsa njenjete m'zovala. Ukawasungunula, n'kuwaziziritsa, kenako n'kulanda molekyu, kachidutswa kochepetsetsa ka mankhwalawo, elekitironi imodzi ndi magetsi, molekyuyo imatsala ndi chaji, kamphamvu ka magetsi, ndipo sichedwa kuwonongeka. Koma amuna anga ankati yawo ikutha maola ili yokha, osawonongeka. Umboni wake unali kaphiri kamene makina oyeza kuwala ankajambula pa sikirini.

Akonziwo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tibwereze kuyezako titathira mankhwala ochepa kwambiri m'botolo. Poti eni ake anali pa mpando kunyumba, mkono umodzi uli lende, ntchitoyo inagwera ine.

Ndinayeza monga ndimayezera, kaufa kochepa kunsonga kwa sipuni. Ndinaziziritsa botolo mpaka kunja kwake kunachita chipale, n'kuyatsa magetsi. Kaphiri sikanabwere. Ndinatukwana makina, ndinasintha nyale yake, ndinatsuka mabotolo onse ndekha. Sikirini inangoti see. Mlungu utatha ndinatseka chitseko n'kuthira monga ankathirira amuna anga, mosaumira. Kaphiri kanadzuka pomwepo, kokongola ngati ka m'pepala muja.

Apo ndinazindikira. Mamolekyu amenewa ndi aphwatalala, ndipo akathithikana, yolandidwa elekitironi ija imagona pamwamba pa inzake yathunthu monga mbale ziwiri, n'kugawana chajiyo. Ziwirizo zimapirira, ndipo kaphiri kaja kanali ka izo. Zimenezi zinalembedwa m'mabuku ife tisanakwatirane n'komwe. Panalibe chatsopano chimene amuna anga anapeza, ankangothira zambiri basi. Masana omwewo ndinalembera akonzi kuti pepalalo talibweza, asalisindikize.

Kunyumba ndinawapeza pawindo, mlamu wanga, mchemwali wawo, akuwamwetsa phala.

"Wabwera profesa weniweni," anatero mlamu. "Awawa akana kumwa mankhwala, akuti ayambe amva za kaphiri kawo. Kaya ndi phiri lanji lokhala m'botolo."

Ndinatenga sipuni, mlamu n'kupita kukhitchini.

"Kabwera?" anafunsa amuna anga. Mawu ankatulukira mbali imodzi ya pakamwa.

"Kamabwera mukathira zambiri, bambo. Mukachepetsa, kulibe."

Sanafune kuti ndifotokoze. Mutu wawo unali bwinobwino, chinawapandukira ndi thupi lokha. Anayang'ana kunja, kumene munthu wina ankalimbana ndi galimoto yokana kulira.

"Ndiye nthawi yonseyi ndinkayeza ziwiri?"

"Ziwiri, bambo."

"Iwe unkanena."

Ndinali nditayembekeza mawu amenewo kwa theka la moyo wanga, koma atabwera anandiwawa. Ndikanakonda akanandikalipira, n'kunena kuti ndine wosadziwa kutsuka mabotolo.

Phala linazizira. Kenako anandigwira mkono ndi dzanja lawo labwinolo, mwamphamvu ndithu.

"Mayi, tamvera. Iwe udakali ndi ntchito, usadetse mbiri yako. Uchotse dzina lako. Langa ulisiye, pepalalo lipite. Akadzatulukira cholakwacho ine kudzakhala kulibe. Ndingoliona litasindikizidwa, ndiligwire."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zimene ndinachita masana. Maso awo anali pa ine ngati a mwana wopempha kuti usamusiye kuchipatala.

"Chabwino, bambo," ndinatero, n'kuwapukuta phala pachibwano.

Mankhwala anamwa tsiku limenelo, osavuta. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndikamanyamula chikwama, amandiitana kuti ndikafika ku ofesi ndione ngati akonzi ayankha.