Ukonde wa Juman m'Khwawa la Mlamu Wake

Juman ankalidziwa bwino lamulo la asodzi a kwawo: khwawa lililonse la madzi amchere lili ndi mwini wake, ndipo wopezeka akupha nsomba m'khwawa la mnzake amalandidwa ukonde. Koma khwawa lomwe ankalisirira linali la Mithal, mlamu wake, munthu yemwe sankamwerana naye madzi kuyambira pomwe Mithalyo anakwatira mlongo wa Juman. Kumubera ameneyo, kwa Juman, sikunali kuba.

M'mawa umenewo kunafunda modabwitsa pakati pa nyengo yachisanu, timitambo titayala kumpoto. Kukatero ndiye kuti mphepo yozizira ya kumapiri ili m'njira, ndipo nsomba zimadya ngati zapenga zisanakabisale kozama. Atamva kuti Mithal wapita kumaliro, Juman analowetsa bwato lake m'khwawamo madzi a m'nyanja atadzaza, poti kumeneko nyanja imadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse, n'kuponya ukonde wake umodzi womwewo. Ankati madziwo asanaphwe akhala atatuluka.

Nsomba zinakodwa zosayamba, ndipo dyera linamugwira mwendo. Kuponya kamodzi kokha, kenaka kamodzinso. Mphepo ija inafika yolasa ngati singano, n'kuyamba kukankhira madzi kunyanja mwaliwiro, bwato n'kukhala pamatope. Ataona anthu akumaliro akubwerera chapatali, anamiza ukonde m'timadzi totsala pambali pa bwato kuti tiubise. Nato tinaphwa. Ukonde unangoti mbee poyera, zoyandamitsa zake zofiira zikuonekera ngakhale kwa wakhungu.

Anadikira kuti madzi abwerere monga amachitira masiku onse. Nthawi yake inakwana, inapitirira, mphepo itawakaniza kunyanja komweko. Apo mantha anamugwira zenizeni, poti wopanda ukonde kumeneko amakhala wonyamula madengu a anzake.

Mithal anatulukira m'mitengo ya m'mbali mwa khwawa, atadzifunda nsalu yaubweya, akuponda mosafulumira.

"Mwaswera bwanji m'khwawa mwangamu, alamu?" anafunsa.

"Yandikankhira muno ndi mphepo," anayankha Juman, mano akugundana.

"Mphepo yothamangitsa madzi kupita kunyanja, inu yokha n'kukukankhirani kumtunda? Ndiye yaphunzira kuyenda chafutambuyo. Nanga ukondewu, wauponyanso ndi mphepo?"

"Ukangoukhudza, ndikuthyola manja, galu iwe!"

"Tsika udzathyole."

Juman analumpha m'bwato, n'kuzama m'matope mpaka m'ntchafu. Khwawa la eni ake, sankadziwa pouma ndi pofewa. Anatukwana Mithal, anatukwana makolo ake ndi mbuzi zawo zomwe, koma mwendo sunazuke. Mithal anapinda ukonde uja pang'onopang'ono, dala, pamaso pake, akukutumula matope ngati mwini wake.

"Nsombazo tenga, ana akadye," anatero akuusenza paphewa. "Koma wauwononga ukonde wangawu, taona mabowowa. Ndikapatsa mlongo wako ausoke. Paja munaphunzira limodzi kuluka maukonde kwa bambo anu, aukonzadi bwino."

Mawu amenewo anamupweteka Juman kuposa chisanu. Ukondewo unalukidwa ndi bambo ake chaka chomwe anamwalira, ndipo mlongo wake akangoona mfundo zake audziwa, adziwanso komwe wapezeka.

Anadzikoka n'kubwerera m'bwato, matope akuuma m'miyendo. Mphepo inaleka mawa lake, madzi n'kubwerera mwakachetechete kudzayandamitsa bwato lodzaza nsomba, lopanda ukonde.