Kapu Imodzi pa Thireyi

Koma madzi a pa mjigo ayi, amenewo ali ndi kafungo ka chitsulo, ndipo mwana wobwera kamodzi sungamupatse tiyi wonunkha chitsulo. N'chifukwa chake a Eneya Makaiko, dzuwa lili paliwombo, anali atakwera kale kamtunda ka kuseri kwa mudzi ndi ndowa yaing'ono, kukatunga pamene kamtsinje kochokera m'phiri la Zomba kamatulukira pansi pa mwala, ndipo tsopano ankatsika pang'onopang'ono, miyendo atatangadza ngati kuti nthaka ya kwa Malemia ingapendekeke nthawi iliyonse. Azimayi amene ankapirikitsa mbalame m'minda ya mpunga anawaona, nagwirana mapewa. Mwamuna wa imvi kusenza ndowa! Mtchona ndi mtchona basi, ngakhale abwerere.

Iwo sanakwiye. Munthu amene anasowa kwawo zaka makumi awiri ndi zinayi, n'kubwerako ndi sutikesi imodzi ndi tipoti yokulunga m'malaya, alibe pokwiyira. Ndiponso lero mtima unali kwina. Millicent, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamusiya ali ndi zaka zitatu ndipo tsopano ankataipa makalata mu ofesi ina ya zamaphunziro ku Domasi, anali atatumiza mawu kudzera mwa a Dina, mlongo wawo wa a Eneya, kuti abwera Loweruka lino cha m'ma 3 koloko. Ukwati wake unali mwezi wamawa, ku tchalitchi. Chimene ankabweretsa sanachitchule, koma a Eneya ankachidziwa ngati dzina lawo: abwera kudzanena ngati iwo adzakhale kutsogolo pa mpando wa makolo, kapena asadzaonekeko n'komwe. Chaka chathunthu chibwerereni, mwanayo anali asanapondepo pakhomo pano. Anakumana kawiri kokha pa msika wa Songani, ndipo kawiri konseko anawapatsa moni waulemu, wosalala, wofanana ndi umene amapatsa aliyense wogulitsa tomato.

Ndipo akanayembekezeranji china? Anachoka ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni akuti zaka ziwiri zokha, Eliza mkazi wawo atayima pa msewu wa ku Liwonde mwana ali kumbuyo. Mgodi unawakana chifuwa, anathawira ku Durban, anatsuka mbale mu hotela, mpaka tsiku lina anapezeka avala jekete yoyera m'sitima yaikulu ya pamadzi, ya azungu oyenda ulendo wongosangalala, akuperekera tiyi ndi khofi m'tizipinda tawo togona. Makalata ankalemba, inde ankalemba, chaka choyamba, chachiwiri, chachinayi — kenako inapita miyezi isanu osalemba, ndipo kalata ya pambuyo pa miyezi isanu imafuna chifukwa, ya pambuyo pa chaka imafuna bodza, ya pambuyo pa zaka khumi sankadziwa n'komwe poyambira. Panalibe mkazi wina, panalibe mowa. Akanakhala ndi tchimo looneka bwenzi ataliulula, n'kuthana nalo. Anali manyazi chabe, amene ankakula okha ngati udzu wa m'munda wosiyidwa. Pobwera anapeza Eliza atagona kumanda zaka ziwiri, mwana ataleredwa ndi kuphunzitsidwa ndi malume ake, a Tobias.

Anayika ndowa pamthunzi, naivundikira ndi mbale. Anasesa pabalaza kachiwiri ngakhale a Dina anali atasesa asanapite kudimba, anakoka tebulo kuti lichoke pamene denga limagwetsa fumbi, nayatsa mbaula panja kuti utsi wa makala uthe msanga. Apa tsono manja anayamba kudziwa okha chochita, ndipo mtima unakhala pansi. Chinthu chimodzi chokha padziko lapansi a Eneya ankachidziwa mopanda chikayiko, ndipo anawaphunzitsa ndi nkhalamba Alaudin, mmwenye wa ku Durban amene anakalambira m'sitimamo. Kachipinda ka m'sitima n'kopanikiza, ankatero, madzi ake ndi ogona m'thanki masabata, ndiye uziyamba wawadzutsa, kuwathira kuchoka m'jagi ina kupita m'inzake uli wokweza dzanja, mpaka apume mpweya. Tipoti uyambe waitenthetsa. Chimawira ndi madzi, masamba sawira. Madzi akawira kamodzi awira, ukawabwezera pamoto afa. Ukathira, vundikira, uwerenge mphindi zinayi osagwedeza, osasuzumira, poti kuona maso a nkhono n'kudekha — mwambi uwu ndi a Eneya amene anamuphunzitsa Alaudin, ndipo nkhalambayo inaukonda mpaka kumautchula molakwika tsiku lililonse.

Kuno kumudzi tiyi amamuphika ngati nyemba. Masamba, shuga, mkaka, zonse mumphika umodzi, ziwire mpaka zifiire, kenako m'makapu achitsulo odzaza mpaka m'milomo, chinangwa pambali. A Eneya ankamwa, koma mumtima ankalira. Lero mwana wawo amwa tiyi weniweni, wa masamba a ku Thyolo amene anasankha okha, ndi mkaka wa m'mawa uno wa ng'ombe ya a Morton oyandikana nawo nyumba. Ndipo akamwa adzadziwa kuti zaka zija sizinangopita m'madzi, kuti bambo ake anali munthu wodziwa kanthu kena, kuti — kuti chiyani? Apa ganizo linkaduka nthawi zonse. Kapu ya tiyi ingalipe chiyani? Komabe analibe china choti n'kuyika patebulo.

Kapena amamwa khofi? Funsoli linawabaya ali chigwirire kasefa. Anthu a m'maofesi ena amamwa khofi. M'sutikesi munali kachitini kamene anabwera nako, ndipo njira yake ankaidziwa, kudikira madzi atsike ukali pang'ono asanakhudze ufawo, kenako kudonthezamo supuni ya madzi ozizira kuti matsokwe akhale pansi. Anakatsegula kachitiniko, nanunkhiza: fungo linali litathawa kalekale, kunatsala fumbi. Anakhala pa mpando kachitini kali m'manja. M'sitima muja, mayi wa m'chipinda nambala 14 ankamwa tiyi wa ndimu wopanda shuga. Mkulu wa ndevu wa nambala 22, khofi wakuda, makapu awiri, isanakwane 6 koloko. Alongo awiri okalamba a nambala 9, wina mkaka poyamba, wina mkaka pambuyo, ndipo ukasokoneza ankadziwa. Anthu amenewa mwina anafa kale, sanawafunsepo a Eneya dzina la kwawo, koma iwo ankawasunga m'mutu mpaka lero ndi mashuga awo omwe. Za mwana wobala okha sankadziwa ngati amathira masupuni awiri kapena atatu, ngati mkaka umamuyanja. Zinawapweteka kwambiri, ndipo anakhala pomwepo mpaka makala anayamba kuchita phulusa.

Itakwana 3 koloko pa wotchi yawo ya pamkono, anateleka ketulo. Madzi anayimba, anawira, njira inali zii. Anayembekeza, nawaphula, nawathira pa mtengo wa mpapaya; madzi owira kale sabwerera pamoto, ngakhale kwa mfumukazi. Anatunganso m'ndowa, naona kuti otsalamo ndi a ketulo imodzi yokha. Kodi a Tobias amuletsa? A Tobias, mkulu wa mpingo, munthu wosakweza mawu, amene pa maliro ena anawagwira dzanja a Eneya nthawi yaitali nanena kuti, mwatipeza, alamu, mwatipeza — mawu abwinobwino, koma usiku wake tulo sanatione. Kapena amutuma ndi iwowo, kuti mawu owawa achoke m'kamwa mwa mwana, iwo manja akhale oyera. Kapenanso ayi, mwina munthuyo alibe chifukwa, analera mwana wa mlongo wake monga mwambo unenera, ndipo woipa m'nkhani yonseyi ndi mmodzi yekha, amene wakhala pano kudikira ketulo. Anthu amanenanso zambiri za matchona, kuti amabwera ndi zitsamba za ku Joni m'masutikesi, kuti a Makaiko aja amatunga okha madzi kuphiri chifukwa pali chimene amasambira. Anazimvapo, anaziseka. Kodi mwanayo nayenso anazimva?

Belu la njinga linalira kumsewu.

"Odi kuno!"

"Odini, odini. Lowani, mayi."

Millicent anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, nakonza chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi ya ku ofesi. Anali wamtali, ndipo poyenda ankaweramitsa mutu kumanzere pang'ono, ndendende Eliza. A Eneya anamulozera mpando wa ndalema, wabwino pa yonse iwiri. Iye anazengereza, nayang'ana mkeka umene unali pakona, koma anakhala pampandopo, m'mphepete mwake, manja pa maondo.

"Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu? Kunyumba a Tobias ali bwanji?"

"Ali bwino. Apereka moni."

"Ndikubwera, mayi. Pang'ono pokha."

Anathawira ku mbaula ngati munthu wothawa mvula. Apa panalibe choopa. Anadzutsa madzi, anateleka, anatenthetsa tipoti, masupuni awiri a masamba, madzi akungoyamba kugubuduka anathira, navundikira. Mphindi zinayi. Ananyowetsa kansalu koyera n'kukafinya, nakayala pa thireyi monga ankachitira masiku onse kuti ziwiya zisatsetsereke sitima ikapendama. Pamwamba pake tipoti, kajagi ka mkaka, shuga m'kambale kake, kapu yadothi yoyera ya mkombero wagolide pa sosa yake, chogwirira chitaloza kudzanja lamanja la womwa. Analowa thireyi ili pa dzanja limodzi, osagwedeza ngakhale supuni. Anathira. Tiyi anatuluka wofiirira bwino, woyera ngati uchi wosefa, fungo lake linadzaza pabalaza, ndipo mumtima anati, Alaudin, ukanaona. Analekeza kapu itangopitirira theka, anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, nayima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo, maso pakhoma.

Millicent sanaigwire kapuyo. Anaiyang'ana, anayang'ana kansalu konyowako, nakakhudza ndi chala, kenako anakweza maso kwa iwo, nawatsitsanso. Kunja nkhuku inkapalasa pansi pa njinga. Tiyi ankazizira, ndipo a Eneya ankamva kuzizira kwakeko m'thupi mwawo, mphindi ndi mphindi. Wachepa mkaka kodi, kapena ndi wa khofi uja, kapena wabwera ndi mawu olemera moti pakhosi sipangadutse kanthu?

"Inu simumwa?" anafunsa motsitsa.

Ndi pamene anaona chimene mwanayo ankaona. Kapu imodzi. Woperekera samwa ndi mlendo wa m'sitima, sakhala pansi, sadzaza kapu kuopa mafunde — zaka zonse zija thupi linaphunzira, ndipo lero lachita zake osawafunsa. Koma kuno kapu ya theka ndi ya munthu womana. Kuno bambo sayimirira mwana wake atakhala pampando. Ndipo kuno chakumwa chimene mwini nyumba wakonzera iwe wekha, kuseri, iye osalawako, atayima poteropo kukuyang'anira kuti umwe — ngakhale mwana wamng'ono amadziwa kuti chotero sachimwa. Anafuna kufotokoza za mafunde, za Alaudin, za nambala 14, koma zonsezo zinali kutali, ndipo pakamwa panangotuluka kuti, "Ndinazolowera choncho, mayi."

Millicent anadzuka, natuluka. A Eneya anamvetsera kuti amve njinga ikuchoka pa mtengo wa mango. M'malo mwake anamva mbale zikugundana pa thandala kuseri kwa nyumba, ndipo mwanayo anabwera ndi kapu yachitsulo ya a Dina, yobenthuka m'mphepete. Anathiramo tiyi wa mu tipoti yomweyo, mkaka, shuga masupuni atatu osafunsa, mpaka inadzaza ndendende. Anakoka mpando wachiwiri uja.

"Khalani pansi."

Anakhala. Iye anagwada pa simenti, chitenje chikukhudza fumbi, nawapatsira kapuyo ndi manja awiri.

"Za ukwati zija, mayi..."

"Yambani mwamwa."

Anailandira. Chitsulo chinawatentha zala koma sanachisiye. Nkhope ya mwanayo inali pafupi kuposa kale lonse, yodekha, yosawerengeka, maso ali pa kapu. Kodi uku ndi kugwada kwa mwana wamkazi amene akupatsa bambo ake chakumwa, monga akanachitira masana onse a zaka zimene zinatayika zija? Kapena akufuna aone ngati iwo angameze chimene amuthirira? Zonse ziwiri zinkaoneka mofanana, mawondo omwewo, manja awiri omwewo, ndipo analibe ufulu wofunsa. Anayamba kukweza kapuyo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ananyamula tiyi pa nyanja yolusa osataya dontho, koma apa, m'nyumba yosagwedezeka, tiyi anasefukira pa mlomo wa kapu, nayamba kutsikira pa zala zawo, mwana ali chigwadire kudikira.