Mphindi Yathunthu ya Salvu Micallef

"Tingodumpha mpanda basi," anatero Dion, pakamwa patadzaza pastizzi, timikate ta Amalta. "Lamlungu m'mamawa kulibe munthu. Timwaza, tibwerera. Ndani angaone phulusa pa udzu?"

"Bambo ako si zinyalala zokataya mozemba," anayankha mayi awo, a Tessie, osacheuka pa sinki.

Mlongo wake, Nadine, anayang'ana kabokosi kamene kanali pamwamba pa firiji, pakati pa wailesi ndi fano la Maria Virigo. Bambo awo, a Salvu Micallef, anali mmenemo. Chuma sanasiye chokanganirana. Anasiya kapepala ka mzere umodzi: phulusa lawo likamwazidwe pakati pa bwalo la Ardbrook, kumene anasunga nthawi ya mpira zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ali m'kanyumba kamatabwa pamwamba pa bolodi ya zigoli, wotchi m'dzanja, chala pa batani la hutala.

Vuto linali limodzi. Wapampando wa kalabuyo anali mng'ono wawo, a Wenzu, ndipo awiriwa analeka kulankhulana mu 1981. Ku tchalitchi pa maliro a mkulu wawoyo, a Wenzu anaima kufupi ndi chitseko, nyimbo yomaliza isanathe anali atapita.

Nkhaniyo ku Ardbrook ngakhale ana obadwa dzulo amaidziwa. Linali tsiku la fainolo, timu yawo ili kumbuyo ndi mapointi awiri. Mpira wa kumeneko amawakha ndi manja n'kumenya ndi phazi, ndipo chigoli chimodzi ndi mapointi asanu ndi limodzi. Mpira unamenyedwa m'mwamba kulunjika ku zigoli, Wenzu wa zaka makumi awiri ndi ziwiri anakwera pamsana pa mdani, manja m'malere. Hutala analira mpira usanafike m'manjamo. Akanauwakha hutala asanalire, malamulo akanamulola kumenya ngakhale nthawi itatha, zigoli zili pamphuno. Wosunga nthawi wa timu inayo anali atawerama kufuna ndudu yake imene inagwa. Salvu akanadikira sekondi imodzi, palibe akanadziwa. Chikho sichinapondenso ku Ardbrook kuyambira tsikulo.

"Ndipita ndikawapemphe," anatero Nadine.

"Digiri yako ija ikagwira ntchito tsopano," anaseka Dion. "Utenge ndi chisoti, angakugende ndi mpira."

"Iwe ukadye, pakamwa pako pakhale ndi ntchito," anamudula a Tessie. Kenako anapukuta m'manja nati kwa Nadine, "Uyambe walowa m'galaja. Makope aja ndi a kalabu. Alole, akane, uwasiye komweko."

Makopewo anali khumi, kope limodzi zaka khumi. Chaka chamawa kalabu imakwanitsa zaka zana, ndipo a Salvu anakhala akulemba mbiri yake popanda wowatuma: mmene bwalolo linali dambo lodyetsera ng'ombe, mmene anyamata a ku fakitale ya njerwa anadzikira mapolo oyamba, chaka chimene timu inatsala ndi osewera khumi ndi anayi chifukwa cha nkhondo, chaka chimene Amalta ndi Ataliyana anayamba kuloledwa kuvala malaya a timu. Nadine anakhala pa chitini cha penti natsegula kope lachisanu ndi chimodzi. Anawerenga tsamba limodzi kawiri, nalipinda pakona.

Lachinayi madzulo anawapeza a Wenzu m'chipinda chovalira, akupopa mipira. Munkanunkha mafuta opaka m'minofu ndi masokosi onyowa. Panja anyamata ankathamanga mozungulira bwalo.

"Bambo aang'ono, mwaswera bwanji?"

"Ndikudziwa chimene wadzera. Udzu tangodzala kumene. A khonsolo salola."

"Chaka chatha analola phulusa la a Doyle. Ndi la galu wawo lomwe."

"Galu wa Doyle sanatiluzitse fainolo."

Nadine anaika makope onse pa benchi, lopindidwa lija pamwamba. "Amayi akuti awa ndi anu. Si chiphuphu ayi."

"Ndaiwala magalasi."

Magalasiwo anali pamphumi pawo. Nadine anawayang'ana, natola kope nawerenga yekha.

"Fainolo, 1981. Tinagonja ndi mapointi awiri. W. Micallef anawakha mpira wokongola koposa yonse imene ndinaonapo. Anachedwa ndi sekondi imodzi. Ine ndinali kuyang'ana wotchi. Ndikanayang'ana mng'ono wanga, sindikanadina."

Pampu inaima. A Wenzu anatsitsa magalasi aja, natenga kopelo. Tsamba limene anamvalo sanaliyang'ane. Anabwerera m'mbuyo, masamba atatu, anayi, chala chikutsata mizere ya masewero a chaka chimenecho.

"Nazi apa," anatero. "Chitsiru chimenechi chinalemba zonse. Meyi, Juni, Ogasiti. Katatu ndinawakha pamalo omwewo, katatu ndinaphonya. Miyendo imandinjenjemera ndikakhala pafupi ndi zigoli. Amadziwa ndi iye yekha."

"Sanatiuzepo."

"Sanauze munthu." Anakhala pa benchi, mpira uli pamiyendo. "Zaka makumi anayi ndi kanthu anthu akundigulira mowa chifukwa cha chigoli chimene sindinamenye. Iye akumwa tiyi wa m'fulasiki m'kakhola kake kaja, anthu akumukuwiza Yudasi. Akanangotsegula pakamwa kamodzi..."

Mnyamata wina wamatope anasuzumira pakhomo kufuna mipira. A Wenzu anamuponyera umodzi osamuyang'ana.

"Wotchi yake ili kuti?"

"Amayi anaisunga."

"Uwauze alamu abwere nayo Loweruka. Hafu pasiti wani, osachedwa. Ndipo m'bale wakoyo avale malaya a kolala."

Loweruka kunazizira, kamphepo kakuwomba kuchokera kunjanji. Magalimoto anazungulira bwalo, zipumi zitaloza mkati. Fungo la soseji ndi anyezi linkachokera ku kantini, kumene azimayi amene ankatukwana Salvu kalekale anali atamata chithunzi chake pa bokosi la mapayi. Osewera a matimu onse awiri anali atakulunga tepi yakuda pamkono, ndipo anandanda mizere iwiri moyang'anizana.

A Tessie anatsegula kabokosi pakati penipeni pa bwalo. Mphepo inatenga gawo lake, lina linagwera pa nsapato zatsopano za Dion.

"Ndi bambo ako amenewo, usasase," ananong'ona a Tessie.

Wolengeza anapempha anthu kuti akhale chete mphindi imodzi. Nadine anakulira pa bwalo limeneli, ankadziwa kuti mphindi ya maliro pa mpira simakwana. Ikafika theka osewera amayamba kudumphadumpha ndi chisanu, woyimbira amayang'ana kumwamba, wina amaomba m'manja, zatha. Anakweza maso. M'kanyumba kamatabwa kaja, mmene a Wenzu sanapondemo chiyambire 1981, munaoneka mutu wawo waimvi utaweramira wotchi ya a Salvu.

Theka linadutsa. Wosewera wina anatsokomola. Mwana analira m'galimoto, galu anauwa kuseri kwa kantini. Woyimbira anayang'ana kukanyumbako, mpira uli m'khwapa, nakweza nsidze. Mutu uja sunadzuke.

"Agona kodi?" ananong'ona Dion.

"Shh," anatero a Tessie. Milomo yawo inkagwedera, ndipo Nadine anazindikira kuti sakupemphera. Ankawerenga masekondi.

Makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Ndi zitatu. Ndi zinayi.

Hutala analira.