Majombo a Tsiku la Alendo

Mkazi wa kapitawo ankapukuta majombo m'kachipinda kosungiramo katundu. Anali a anthu makumi atatu, onse akadali ndi fungo la m'sitolo. Kampani ya mwamuna wake itapatsidwa ntchito yomanga sukulu ya boma, inasaina kuti wantchito aliyense azivala majombo. Koma majombowo ankatuluka tsiku la oyendera a boma lokha, madzulo n'kubwerera m'makatoni kuti asathe. Oyenderawo anali kubwera mawa lake.

Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pakhomo. "Siyani zimenezo. Achimwene anu chitsulo chawagwera paphazi kuntchito kwa amuna anu."

Kuchipatala anapeza mchimwene wakeyo atadulidwa zala ziwiri. Mmisiri mnzake, amene anamubereka kumsana kuchokera kuntchito, ankamumwetsa madzi pang'onopang'ono. Mayi awo anali chiimire.

Kapitawo analowa, natulutsa jombo m'chikwama, n'kuliika pansi pa bedi.

"Alamu, oyenderawo akakufunsani mawa, munene kuti munavula nokha chifukwa cha kutentha."

"Ndivule chimene sindinavale?"

"Apongozi, manyazi munawasiya kuti?" anatero mayi. "Mwana wanga anamizire phazi lake lomwe?"

"Boma likatilanda ntchitoyi, amayi, mabanja makumi atatu mudzawadyetsa inu?"

Mmisiri uja anaseka mowawa. "Tsiku la alendo timawala ngati asilikali, bwana. Masiku enawo timangoti phwa phwa m'mapatapata ngati abakha."

"Iwe, pakamwa pako padzakuchotsa ntchito." Kapitawo anatembenukira mkazi wake. "Lankhula ndi mchimwene wakoyu. Iwe amakumvera."

Mkaziyo anayang'ana mwamuna wake m'maso.

"Mawa oyenderawo ndikawatsegulira ndekha kachipinda kaja," anatero. "Makiyi ndili nawo."

"Ukatero, ulongedzeretu zako."

"Ndamva."

Kapitawo anatola jombo lija n'kutuluka.

"Kachipinda kanji?" anafunsa mayi. "Makiyi a chiyani?"

Mkazi wa kapitawo anagwada pambali pa bedi. Sanathe kuyang'ana phazi lokulungidwalo.

"Achimwene, majombowo amakhala kwanga. Miyezi inayi tsopano. M'mawa uliwonse munkadutsa pakhomo panga, kundipatsa moni, ine n'kumaona zimene mwavala kuphazi. Ndinkangoti Mulungu akusungeni, n'kutseka chitseko." Anakweza mawu kuti onse amve. "Ndinalakwa, achimwene. Ndikhululukireni."